Ndowa ya 15W-40 mu Hilux yanga: zimene ndaona chiyambireni chaka chatha

Alamu anga a ku Makwasa agula pikapu yakale yoti azinyamulira nthochi kupita nazo ku Limbe, ndipo sabata yatha anandiimbira foni. "Alamu, ndithire oyilo uti? Makaniko akuti 20W-50 ndi kabotolo ka treatment, mankhwala othira mu oyilo aja, pamwamba." Ndinawauza kuti ayambe adikira, chifukwa yankho lake silokwana pa mayunitsi. Ndiye ndati ndilembe zimene ndaona chiyambireni kugula oyilo wa m'ndowa ya malita 20.

Yanga ndi Toyota Hilux ya dizilo, injini ya 2KD ya malita 2.5 yokhala ndi turbo, kachipangizo kokankhira mpweya wambiri m'injini. Imagona pa Chitakale. Imanyamula zinanazi ndi mapeyala, nthawi zina matumba a chimanga ochokera ku Limbuli, ndipo imadziwa msewu wa Midima komanso zitunda za Thyolo mpaka pa Bvumbwe. Mwini wake woyamba ankathira 20W-50, poti amakaniko ambiri kuno amati injini ikakalamba imafuna oyilo wolemera. Ine ndinasinthira ku 15W-40 wa API CI-4, amene ndinagula kwa bambo wina wogulitsa masipeya ku Limbe.

Manambala aja si ovuta. Yoyamba, ya pafupi ndi W, imanena mmene oyilo amayendera injini ikadali yozizira: ikachepa ndiye kuti oyilo amathamanga msanga m'mawa. Yachiwiri imanena kulemera kwake injini ikatentha, pa madigiri 100. Koma chimene ambiri sitiyang'ana ndi zilembo za API za kumbuyo kwa chigubu, zonena mtundu wa injini imene oyiloyo anapangidwira. Zoyamba ndi S, monga SL kapena SN, ndi za injini ya petulo. Zoyamba ndi C, monga CH-4 kapena CI-4, ndi za dizilo. CI-4 anabwera mu 2002 chifukwa cha injini zokhala ndi EGR, zimene zimabwezera utsi wina m'injini n'kudzaza mwaye mu oyilo, ndipo 2KD ili m'gulu limenelo. Zigubu zambiri za 20W-50 zimene ndazitembenuza m'mashopu zinalembedwa zoganizira petulo.

Zabwino ndizinena mwachidule. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, galimoto imalira kamodzi, ndipo kugogoda kwa m'mawa kuja kunachepa. Pokwera kuchokera pa Luchenza itadzaza katundu, geji ya kutentha sisuntha. Sidya oyilo wambiri pakati pa sevisi, imene ndimachita pa makilomita 5,000 aliwonse chifukwa cha fumbi la m'minda ya tiyi. Oyilo amada msanga, koma kwa dizilo zimenezo n'zoyenera: ndiye kuti wanyamula mwaye m'malo mousiya ukakamire m'kati.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi kanyali kofiira ka oyilo, kamene kamayaka oyilo akapanda kuyenda mokwanira m'injini. Miyezi yoyamba kankazima nthawi yomweyo injini ikalira. Kenako kanayamba kuchedwa. M'mawa ndikaliza, kamakhalabe koyaka, ine mtima uli m'mwamba, kenako n'kuzima. Ndikasolola dipisitiki, oyilo ali pa mzere wake. Pansi pa galimoto palibe dontho. Tsiku lina kanaphethira ndili pa chitunda pafupi ndi Thyolo Boma, ndipo ndinaima pambali mpaka injini itazizira. Turbo imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi, ndipo oyilo amaifikira kudzera pa kapaipi kakang'ono. Munthu ukadziwa zimenezi sungayendetse kanyali katayaka.

Ndinapita kwa wogulitsa uja. Iye sanatsegule n'komwe boneti. "Bwana, ndinakuuzani, 15W-40 ndi wopepuka kwa injini ya msinkhu uwu. Koma musadandaule." Tikuyankhula choncho, mnyamata wake anali atatsegula kale chivindikiro n'kukhuthulira kabotolo ka treatment, wonanda ngati uchi, akuti ndi banyira kwa kasitomala wabwino. Masana amenewo injini inamveka yofatsa, ndipo ndinabwerera ku Mulanje ndikuganiza kuti mwina akuluakulu aja amanena zoona za oyilo wolemera. M'mawa wotsatira kunali nkhungu yochokera kuphiri, ndipo kanyali kanachedwa kuposa masiku onse.

Amene anandipulumutsa ndi makaniko wachikulire wa pa Luchenza, amene anagwirapo ntchito pa mathirakitala ndi malole a ku esiteti. Anatsegula chivindikiro cha oyilo injini ikulira, nanunkhiza, nati, "Achimwene, muno mukununkha utsi. Tichotse sump." Atachotsa sump, beseni la pansi pa injini mmene oyilo amakhala, tinapeza sefa ya pa paipi yokokera oyilo yatsekeka theka ndi zinyenyeswa zakuda zolimba. Anandifotokozera kuti pa injini za 1KD ndi 2KD ma injector, amene amapopera dizilo m'silinda, amakhala m'kati mwa chivindikiro cha pamwamba, ndipo pansi pa injector iliyonse pali kawashala ka kopa. Kawashala kakatha, moto wa m'silinda umadutsa n'kupsereza oyilo, zopsererazo n'kutsikira pansi kukatseka sefa. Pampu ya oyilo imavutika kukoka, ndiye ukathira zolemeretsa oyilo wangoiwonjezera ntchito, makamaka kukazizira. Anasintha mawashala onse anayi, natsuka sefa ndi sump, tinathira oyilo watsopano ndi fyuluta yatsopano. Kuchokera tsiku limenelo kanyali kamazima ndisanachotse dzanja pa kiyi.

Ndiye oyilo analibe mlandu, ndipo treatment sakanachiza kanthu. Oyilo wabwino amabwera kale ndi mankhwala ake: otsuka, onyamula mwaye, ndi zinki woteteza zitsulo zokhulana. Timabotolo tambiri ta m'mashopu ntchito yake yaikulu ndi kulemeretsa, ndipo phokoso likachepa mwini galimoto amayesa kuti yachira. Sindikunena kuti 20W-50 alibe malo. Pa pikapu yakale ya petulo imene yayamba kale kufuka utsi wabuluu, akhoza kuikokera kuti ifike nthawi yotsegula injini. Koma pa dizilo ya turbo ine sindingathire. Nawonso a Hilux zatsopano za GD-6 asatengere ine, awerenge buku la galimoto yawo, chifukwa zimenezo zimafuna wopepuka kuposa wangayu.

Sabata imene ndinalipira makaniko ndinali wokwiya kwambiri, moti ndinalumbira kuti za ndowa ndasiya, ndizigula zigubu za malita 5 zomata bwino pa filing'i siteshoni. Mkwiyo utatsika ndinakhala pansi ndi cholembera. Sevisi imodzi imatenga pafupifupi malita 7 pamodzi ndi fyuluta, kutanthauza kuti chigubu chimodzi cha malita 5 sichikwana, pamene ndowa imakwana sevisi ziwiri n'kungoperewera pang'ono pa yachitatu. Pa lita, ndowa ndi yotsika mtengo ndithu. Komanso chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja sakhala pa mtengo umodzi, ndiye oyilo amene uli naye kale m'nyumba ndi ndalama yosungika. Chofunika n'kuivindikira ndowayo mwamphamvu ndi kuiika pouma, poti chinyezi cha ku Mulanje sichisewera.

Kwa wogulitsa ndinabwererako ndi zinyenyeswa zija m'kapepala. Ndinamupempha kuti andibwezere oyilo amene tinataya asanakwane nthawi chifukwa cha treatment wa mnyamata wake. Anakana, akuti pa risiti palibe pamene panalembedwa treatment, ndipo chaulere sichikhala ndi mlandu. Zinandiwawa, chifukwa ndamugula mafyuluta ndi mabuleki kwa zaka. Titakangana kanthawi, anachotsako pang'ono pa mtengo wa ndowa yachiwiri, nawonjezera fyuluta imodzi. Sizinafike pa zimene ndinataya, koma ndinalandira. Ndinayang'ana ndekha kuti chomatira pa chivindikiro n'chosadulidwa, ndinawerenga CI-4 pa ndowa, ndipo ndinamuuza alembe nambala ya batch pa risiti. Ndowayo ndinakweza ndekha, ndipo ndinamuuza pamaso pa mnyamata wake kuti mnyamatayo boneti ya galimoto yanga asadzatsegulenso.