Letesi wa Liz Truss ndi chitseko chimene ndinatseka

Munali mu Okutobala 2022, ndili ndi miyezi itatu yokha chiyambireni ntchito panyumba yosamalira okalamba kuno ku Sussex, ku England. Ndinkapesa tsitsi agogo ena a zaka 88 pamene mdzukulu wawo analowa, foni ili m'manja, akuseka chikhakhali. Pafonipo panali letesi, masamba aja amadya osaphika, ali patebulo atamuveka wigi, pambali pake chithunzi cha nduna yaikulu Liz Truss. Nyuzipepala ya Daily Star inali itatchera kamera usana ndi usiku kuti dziko lione chimene chiyambe: letesiyo kufota kapena mayiyo kuchoka pampando. Pa 20 Okutobala mayi Truss analengeza kuti akutula pansi udindo, letesi akadali wobiriwira. Ulamuliro wawo wonse unakwana masiku 49.

Agogo aja anaseka mpaka kupukuta misozi. Ine ndinaika chipeso pansi n'kukatseka chitseko. Miyendo inapita yokha, mutu usanaganize. Abale anga amene munakula nthawi ya Kamuzu mukudziwa chimene chinandinyamula. Kwathu ku Dedza bambo ankatiuza kuti dzina la Ngwazi silitchulidwa pocheza, chifukwa sudziwa amene wakhala naye pabawo kuti madzulo akanena kwa apayoniya, ndipo pakamwa pankafikitsa anthu ku Mikuyu. Agogowo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Mwanawe, watsekeranji? Ameneyo timamulipira ndife."

Mawu amenewo ndinawamvetsa patapita masabata awiri, pa 5 Novembala, anzanga akuntchito atanditengera ku Lewes. Usiku umenewo Angelezi amakumbukira Guy Fawkes, amene anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo mu 1605. Tauni yonse imanunkha utsi ndi parafini, anthu atanyamula miyuni, akukoka zidole zazitali kuposa nyumba zokhala ndi nkhope za atsogoleri odziwika, mphuno ndi makutu atazikulitsa dala. Kumapeto amakaziyatsa kudambo anthu akukuwa. Apolisi alipo ambiri, koma ntchito yawo n'kuona kuti munthu asapse. Pa chisankho cha mu Julaye 2024 ndinaonanso pa TV Rishi Sunak, akadali nduna yaikulu, ataima pamzere umodzi ndi munthu wovala bini kumutu, wodzitcha Count Binface, onse akudikira zotsatira za dera lawo. Wa biniyo analipira chikole cha mapaundi 500 monga wina aliyense, ndipo lamulo linamupatsa malo pansanja yomweyo.

Ku Italy ndinapitako kukaona mng'ono wanga amene anakwatiwa kufupi ndi Bergamo, kumene kunachokera ena mwa ansembe a Montfort amene munawaona ku Balaka. Tsiku loyamba kunagwa mvula titayanika zovala. Alamu anasuzumira pawindo n'kunena kuti "Piove, governo ladro!", kutanthauza kuti mvula ikugwa, boma ndi lakuba. Kumeneko ndi mawu a tsiku ndi tsiku, boma lililonse limawalandira. Mngelezi amaseka mtsogoleri nkhope ili gwa, ngati akukamba za nyengo. Mtaliyana amaseka ndi manja omwe, mawu ali pamwamba, ndipo pansi pa chisekocho umamva kuwawidwa mtima kwa munthu amene anaberedwa kangapo. Alamu anandiuza za Pasquino, chiboliboli chothyoka manja chimene chinaimikidwa ku Rome pafupi ndi Piazza Navona mu 1501. Anthu ankapitako usiku kukamata mapepala a ndakatulo zonyogodola apapa ndi akuluakulu, osalemba dzina, chifukwa wogwidwa ankaona zakuda. Mpaka lero amamatabe.

Apa m'pamene ndinaona kuti nthabwala za ku Italy zili ndi mtengo wake. Mu 1986 wanthabwala Beppe Grillo ananena pa wailesi yakanema ya boma, RAI, nthabwala ya ulendo wa nduna yaikulu Bettino Craxi, mtsogoleri wa chipani cha Sosholisti cha ku Italy, ku China, yoti ngati kumeneko onse ndi a Sosholisti, nanga amabera ndani. Zitseko za RAI zinamutsekekera. Mu 2002 nduna yaikulu Silvio Berlusconi, ali ku Sofia ku Bulgaria, anatchula maina atatu, atolankhani Enzo Biagi ndi Michele Santoro komanso wanthabwala Daniele Luttazzi, kuti akugwiritsa ntchito wailesi ya boma molakwa, ndipo onse atatu anasowa pa RAI. Lamulo loletsa kunyoza Pulezidenti wa Italy lilipobe, gawo 278, chilango chake kukhala kundende chaka chimodzi mpaka zisanu. Koma Grillo yemwe uja anadzayambitsa chipani cha Movimento 5 Stelle mu 2009, ndipo mu 2013 chinatenga pafupifupi voti imodzi mwa mavoti anayi alionse.

Chimene chimandidetsa nkhawa m'maiko onse awiri n'chakuti atsogoleri ochenjera anaphunzira kubisala m'chiseko. Berlusconi ankakamba yekha nthabwala pamisonkhano, anthu n'kuiwala milandu yake ya kukhoti. Boris Johnson, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Britain, anatchuka poonekera pa pologalamu ya nthabwala ya BBC, ndipo pamene analendewera pachingwe ku London mu 2012, timbendera tili m'manja, anthu anangomukonda koposa. Ngakhale letesi uja, anthu anaseka, inde, koma mnzanga wina wa kuntchito analira pamaso panga chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba yake chitakwera pambuyo pa ndondomeko ya chuma ya boma la mayi Truss.

Inu amene mukukonzekera kubwera, dziwaninso kuti chiseko chimenechi n'cha eni ake. Madzulo ena ku Bergamo, tikudya polenta, yomwe ndi nsima yawo ya mgaiwa wachikasu, ndinabwereza nthabwala ya Berlusconi imene alamu omwewo anakamba dzulo lake. Patebulo panati zii. Mng'ono wanga ananditsina pansi pa tebulo. Mlendo ndi mame. Mwana wa mwini amanyozedwa ndi makolo ake okha.

Pofuna kuchotsa bata lija, apongozi a mng'ono wanga anandifunsa kuti kwathu tinkawaseka bwanji Kamuzu. Ndinasowa choyankha, chifukwa pa ubwana wanga wonse sindinamvepo nthabwala ngakhale imodzi. Nditabwerera ku Sussex ndinaimbira bambo pa WhatsApp n'kuwafunsa. Anaseka pang'ono, nati zinalipo zambiri, ankakambirana ndi malume kudimba kukakhala kulibe munthu. Ndinati, "Bambo, ndiuzeniko imodzi." Kamuzu anachoka pampando mu 1994. Bambo anatsitsa mawu n'kunena kuti, "Dikira kaye, ndili pakhonde. Ndilowe m'nyumba."