Makalasi a Loweruka ku Area 25: fupa ndi mwala pa tebulo limodzi

Mwana wanga wa Fomu 3 ankadana ndi Biology koopsa, ndiye ndinakamulembetsa kwa mayi wina amene amaphunzitsa ana Loweruka ku Area 25. Tsiku loyamba ndinakhala nawo kumbuyo.

Aphunzitsiwo anaika pa tebulo fupa la ng'ombe, mwala wa laimu ndi dothi lakatondo. Atathira viniga pa mwalawo, unayamba kutulutsa timathovu, ana onse n'kudzuka kuti aone. Anati calcium amene ali m'mwalamo ndi yemweyo amene amalimbitsa mafupa ndi mano, ndipo 99 peresenti ya calcium wa m'thupi amakhala mmenemo. Katondo amafiira chifukwa cha ayironi, monganso magazi athu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya ku Nathenje, kwawo kwa mayi anga. Aphunzitsiwo anafotokoza kuti madzi a m'mijigo ina kumeneko amatenga mchere wambiri wotchedwa fluoride m'miyala ya pansi, n'chifukwa chake mano a ana ena amachita mawanga ofiirira. Ine ndinakula ndikumva kuti n'kusatsuka m'kamwa, ndipo abale anga ankanyozedwa nazo.

Vuto ndi malo. Chipindacho n'chopanikiza, ndipo dzuwa likakwera chimatentha. Ndinawapempha kuti, "Amayi, chonde pezani chipinda chachikuluko." Mwezi wamawa ndilipiranso.