Mabuku 10 a fantasy patatha miyezi 8: Earthsea ndiye woyenera TV, koma kope limene anandigulitsa ndi feki

Mu Malichi ndinayamikira mabuku 10 a fantasy, nkhani zija za matsenga ndi maiko ongopeka, amene ndinagula kwa achimwene ena ogulitsa mabuku a kaunjika ku Limbe. Mabukuwo anadya K98,000, ndipo kondakitala wa minibasi anatenga K5,000 powafikitsa pa depoti ya Mangochi. Pano ndi Novembala. Chandibweza ndi funso la anzanga amene amaonetsa mafilimu kwa M'baluku, loti mwa mabuku onsewa ndi ati amene angakhale filimu yoti munthu nkulipira pakhomo. Sabata yomweyo buku lalikulu pa onse, la Earthsea, linathyoka msana nkugawika pawiri.

Zimene zili bwino ndingozitchula. Mabuku atatu a Mistborn angopindika m'makona. Atatu a Broken Earth mapepala achita chikasu koma palibe tsamba lothothoka. Akata Witch ndi Akata Warrior adutsa m'manja mwa anthu 6 osang'ambika. Children of Blood and Bone ndi lachikuto cholimba, lili ngati latsopano, ndipo silikulowa m'funsoli chifukwa filimu yake ikupangidwa kale.

Buku lokoma silikhala filimu yokoma nthawi zonse. Choyamba nkhani ikhale yoti mlembi anaimaliza. Game of Thrones inatha mu 2019 mabuku ake asanathe, ndipo amene anaonera masizoni omaliza akudziwa mmene nkhani inathamangira. Isakhalenso yaitali mopitirira: The Wheel of Time ili ndi mabuku 14, koma pa TV anaiimitsa mu 2025 itangofika sizoni yachitatu, oonera nkutsala m'malere. Kuno kwathu pali muyeso wina umene a ku Hollywood saudziwa. Mafilimu ambiri timaonera omasuliridwa m'Chichewa, mnyamata akuyankhula pamwamba pa mawu a osewera. Ngati womasulirayo sangathe kufotokoza lamulo la matsenga a m'nkhaniyo mu mpweya umodzi, anthu ayamba kutuluka filimu isanafike pakati.

Pa muyeso umenewu Mistborn ya Brandon Sanderson imapambana mosavuta. Mabuku atatu oyamba anatuluka mu 2006, 2007 ndi 2008, ndipo nkhani yake imathera pa lachitatu. Munthu amameza tizidutswa ta zitsulo, chitsulo chilichonse nkumupatsa mphamvu imodzi: china chimakoka zitsulo, china chimazikankha, china chimanola maso ndi makutu, china chimalimbitsa thupi. Mtsikana Vin akaponya kobiri pansi nkuikankha, amauluka pamwamba pa madenga usiku m'chifunga, phulusa likugwa kumwamba ngati mvula. Buku loyamba ndi nkhani ya gulu la akuba amene akukonza zogwetsa mfumu imene yalamulira zaka 1,000. Filimu imodzi ya maola awiri ndi theka ikwana. Anzanga a kwa M'baluku, ngati funso lanu ndi la ndalama za pakhomo, yankho ndi limeneli.

Broken Earth ya N. K. Jemisin inalandira mphotho ya Hugo zaka zitatu zotsatizana, buku lililonse yakeyake. Dziko lang'ambika ndi chivomerezi, mayi Essun wapeza mwana wake wamwamuna ataphedwa ndi bambo ake, wamkazi atatengedwa. Kwa ife okhala m'chigwa cha nyanjayi, amene timakumbuka chivomerezi cha ku Salima mu 1989 ndi cha ku Karonga mu 2009, nkhaniyi imalowa m'mafupa. Koma mbali ya Essun analemba ngati akukuuza iweyo kuti “iwe unachita chakuti”, ndipo pali chinsinsi chokhudza anthu atatu amene nkhani ikuwatsatira chimene papepala chimabisika koma kamera ingachiulule msanga. Ndikanakonda aisiye ikhale buku.

Pa Akata ndimaima kaye. Nnedi Okorafor analemba za Sunny, mtsikana wachialubino wobadwira ku America amene akukhala ku Nigeria, wokonda mpira koma dzuwa limamuletsa kusewera. Muli zinthu zokoma kuziona ndi maso. Munthu akaphunzira chinthu chatsopano, ndalama zotchedwa chittim zimagwa kuchokera kumwamba pamapazi ake, ndipo za kopa ndi zamtengo kuposa za golide. Ana a sekondale amene abwereka mabukuwa amabwera kudzafunsa lachitatu. Vuto ndi ili: m'nkhaniyi mphamvu za Sunny zimalumikizana ndi khungu lake, ndipo chigawenga chake chimapha ana pochita zizimba. M'buku mlembi ali ndi malo okwanira oonetsa kuti Sunny ndi mwana ngati wina aliyense. Mufilimu yomasuliridwa mwachangu, yoonetsedwa m'chisakasa, chotsala m'mutu mwa woonera chingakhale chakuti munthu wachialubino ali ndi matsenga m'thupi. Bodza limenelo ndi limene laphetsa abale athu m'dziko muno, ndipo kuno kum'mawa tikulidziwa bwino. Ipangidwe, koma wosewera akhale wachialubino weniweni, ndipo polemba sewerolo pakhale anthu achialubino amene mawu awo akumveka, monga mmene a APAM, bungwe la anthu achialubino m'Malawi, amayankhulira kuno.

Tsopano Earthsea ya Ursula K. Le Guin, imene sindinaiyembekezere kanthu. Ndinaitenga chifukwa mabuku anayi anali m'chikuto chimodzi, ndipo loyamba ndi la 1968, ndiye ndinkaliyesa lachikale. Ndi nkhani ya pamadzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Dziko lake lonse ndi zilumba, ulendo uliwonse ndi wa pa boti, ndipo wamatsenga amalembedwa ntchito yosamala mphepo ndi kuteteza asodzi. Munthu woti anaonapo mwera ukutembenuza nyanja pa Makawa kapena pa Monkey Bay mu Julayi, mabwato onse atakokeredwa kumtunda, safunika kumufotokozera chifukwa chake wodziwa mphepo amalemekezedwa. Kusukulu ya pa chilumba cha Roke amaphunzitsa kuti ukaitana mvula pamalo ena ukhoza kubweretsa chilala kwina, choncho wamatsenga wamkulu ndi amene amadziwa kudziletsa. Ged mwiniwakeyo, mnyamata amene nkhani ikumutsatira, anachita kuphunzira kwa mmisiri wa maboti kuyendetsa boti popanda matsenga.

Lamulo la matsenga ake ndi limodzi: chinthu chilichonse chili ndi dzina lake lenileni, ndipo wodziwa dzinalo ali ndi mphamvu pa icho. Mnyamatayo ali mwana ankatchedwa Duny, anthu amamuitana Sparrowhawk, koma atakwana zaka 13 analowa m'madzi ozizira, potuluka mkulu Ogion nkumunong'oneza dzina loti Ged. Kuno kumene mwambo wa makolo umapatsa mnyamata dzina latsopano potuluka ku jando, womasulira sangavutike ngakhale pang'ono. Chifukwa cha matama Ged anatsegulira chithunzithunzi choipa chimene chinayamba kumusaka, mpaka iye anatembenuka nkuyamba kuchisaka pa nyanja.

Anayesapo kale kawiri. Mu 2004 kanema wa ku America wa Sci Fi Channel anapanga sewero nkupereka mbali ya Ged kwa mzungu, pamene m'buku Ged ndi wakhungu lofiirira, mnzake Vetch ndi wakuda, ndipo azungu ndi anthu a kuzilumba zakutali. Mlembiyo anadandaula poyera. Mu 2006 kampani ya ku Japan ya Studio Ghibli inatulutsa katuni imene inasakaniza buku lachitatu ndi lachinayi. Choncho ntchito yeniyeni sinagwiridwe. Buku loyamba likwana zigawo 6: kwawo ku Gont, sukulu ya Roke, chinjoka cha pa Pendor, chilumba cha Osskil, kusakana ndi chithunzithunzi chija, ndi ulendo womaliza pa boti lotchedwa Lookfar. Povuta ndi buku lachiwiri, The Tombs of Atuan, chifukwa mbali yaikulu imachitikira pansi pa nthaka mumdima, pamalo poletsedwa kuyatsa nyali. Akajambula mdima ngati wa nkhondo ija ya usiku mu sizoni yomaliza ya Game of Thrones, pa foni ndi pa TV yaing'ono sipaoneka kanthu. Pamenepo pafunika kudalira makutu: mapazi, kupuma, mtsikana Tenar, woyang'anira malowo, akuwerenga mokhotera mwa njira ndi zala pakhoma.

Nthawi ya mwera ndikanati gulani zonse kwa achimwenewa osaganiza kawiri. Koma buku limene ndaliyamikira chonchili ndi lomwe lathyoka.

Zinayamba mu Ogasiti ndi mng'alu woonda pakati pa msana. Kutentha kwa Okutobala kutafika, masamba anayamba kuthothoka asanuasanu, kenaka makumi awiri nthawi imodzi. Bukuli lili ndi masamba pafupifupi 700, osasokedwa, ongomatidwa ndi guluu uja wosungunula pamoto. Pansi pa denga la malata guluu ameneyu amafewa masana, usiku nkuuma, ndipo ukatsegula buku mwamphamvu ali choncho amasweka. Nditachotsa chikuto ndinapeza guluuyo ali wopyapyala ngati chikhadabo, wangokhudza m'mphepete mwa mapepala osalowa mkati, ndipo amatotoka ngati chikhokho chouma cha mumphika. Mabuku a Mistborn ali pa shelefu yomweyo, nawonso ndi onenepa, koma sanachite zimenezi.

Apa mpamene ndinayang'anitsitsa zina zimene ndinazinyalanyaza mu Malichi. Mapu a zilumba ali koyambirira ndi ofufutika moti maina a tizilumba tating'ono sawerengeka, pamene nkhani yonse imayenda pa mapu amenewo. Masamba ena zilembo ndi zakuda bii, ena zotuwa. Mizere ina yapendekera kumanja. M'mphepete mwa masamba angapo muli kamzere kakuda kosonyeza kuti anachita kujambula kuchokera ku buku lina. Pepala ndi lopyapyala, zilembo za kuseri zikuonekera. Ili ndi kope lakuba, ndipo mlandu si wa kampani imene imasindikiza bukuli.

Kukonza kumatheka. Pafunika guluu woyera wa matabwa, timatabwa tiwiri tosalala totalikirapo kuposa buku, mphira za chubu cha njinga, mpeni, sowo yodulira zitsulo, ulusi wa thonje ndi kansalu ka thonje kopyapyala. Chotsani chikuto mosamala, palani guluu wakale yense. Sanjani masamba motsata manambala, muwagogode pa tebulo mbali ya msana mpaka alingane. Aikeni pakati pa timatabwa, msana utatulukira kunja masentimita 5, mumange zolimba ndi mphira. Pindirani masambawo mbali imodzi kuti ayanzike, pakani guluu, pindirani mbali inayo, pakaninso. Kutero guluu amalowa pang'ono pakati pa tsamba ndi tsamba, chimene sichinachitike poyamba paja. Akagwira, sunthani timatabwa kuti msana ungotulukira mamilimita 3, dulani timipata 6 topingasa takuya mamilimita 2, ikani ulusi m'timipatamo nkuthira guluu. Ulusi wa nayiloni wosokera ukonde ndi umene uli pafupi kuno, koma umaterera mu guluu, musaugwiritse ntchito. Matani kansalu pamsana katatsala masentimita awiri uku ndi uku, kuti kadzagwire chikuto. Liume maola 24 pamthunzi, kenaka bwezerani chikuto mutaika pulasitiki mkati kuti chisamatane ndi tsamba loyamba, mupsinje ndi njerwa usiku wonse.

Supa guluu amauma gwa nkuthyokanso. Selotepu imasiya chikasu, ndipo kukatentha imamatuka. Phala la ufa kapena la chinangwa limaitana mphemvu. Mvula ikuyambayi, shelefu isagunde khoma chifukwa cha chiswe ndi chuku.

Guluu anadya K3,500. Bukuli tsopano lagwira, ladutsa kwa anthu awiri osataya tsamba, ngakhale silitseguka mpaka pansi ndipo mawu ena a pafupi ndi msana amafuna kupendeketsa mutu. Mtima unatsika pang'ono nditaona kuti masamba onse alipo.

Koma masamu ake ndi awa. Pa mabuku 10 aja, limeneli ndi limene linali lodula kwambiri, K18,000, chifukwa achimwenewo anati ndi latsopano ndiponso ndi lenileni. Nditawatumizira zithunzi za msana ndi za mapu anayankha kuti mabuku amabwera m'mabelo, iwo sangadziwe zamkati. Za belo ndikuvomereza, koma mawu oti lenileni sanachokere m'belo, anachokera pakamwa pawo, ndipo ndi amene anakweza mtengo. Akana kubweza ndalama, akuti adzandichotsera K4,000 pa oda yotsatira. Mabuku 9 enawo mtengo wake unali woyenera, sindingawanamizire. Wogula kutali ngati ife apemphe kavidiyo wogulitsa akutsegula buku pakati, akuonetsa mapu ndi msana, ndipo atumize theka la ndalama, theka linalo katundu akafika.

Palinso K10,000 imene ndinaperekeratu mu Meyi ya Akata Woman, buku lachitatu lija ana akulifunsa. Mwezi uliwonse yankho ndi lakuti belo lili m'njira. Ndawauza kuti K4,000 yawoyo aisunge, anditumizire bukulo kapena K10,000 yanga Khirisimasi isanafike, ndipo mabuku awiri otsala a Earthsea, amene onse anatuluka mu 2001, ndikagula kwina pokhapokha nditawagwira ndi manja anga.