Alginate, kumamatiza kapena glutaraldehyde: enzyme yanu muimange ndi chiyani?

Ma enzyme ndi mapuloteni amene amafulumizitsa kusintha kwa zinthu monga sitachi ndi mafuta, ndipo timawamangirira pa chinthu china kuti tisawataye ntchito ikatha. Ambiri tikamayamba kafukufuku wa ma enzyme timathamangira alginate, mankhwala ochokera ku ndere za m'nyanja, chifukwa ndi yotchipa komanso yosangalatsa m'maso. Mumasungunula sodium alginate wa 2%, kusakaniza ndi enzyme, n'kumadonthezera ndi sirinji mu calcium chloride. Dontho lililonse limalimba pomwepo, n'kukhala kamkanda konga dzira la nsomba. Koma kamkandako kali ngati dengu, timabowo take n'tatikulu. Yisiti ndi mabakiteriya amakhazikikamo bwinobwino, pomwe enzyme payokha, poti n'njaing'ono, imawolokera kunja pang'onopang'ono. Ine ndinaphunzira nditapsa: ndinasiya timikanda tanga mu phosphate buffer (madzi osunga pH, muyeso wa asidi, kuti isasinthe) usiku wonse, m'mawa ndinapeza phala lokhalokha. Phosphate imalanda calcium amene amagwirizitsa alginate, ndipo citrate ndi EDTA khalidwe lake n'lomwelo.

Njira ya adsorption, yongomamatiza enzyme pachinthu cholimba, ndi gogo wa zonsezi. Mu 1916 asayansi Nelson ndi Griffin anaona kuti enzyme ya invertase yomamatira pa makala imagwirabe ntchito. Mu 1969 kampani ya Tanabe Seiyaku ya ku Japan inayamba kupanga ma amino acid ndi enzyme ya aminoacylase yomamatizidwa pa timikanda ta DEAE-Sephadex. Ikafooka ankaitsuka n'kuikapo ina pamalo pomwepo. Njirayi siisautsa enzyme, koma kugwira kwake n'kwa manja lende. Mchere ukachuluka kapena pH ikasintha, yataya. N'chifukwa chake Novozym 435, lipase B (enzyme yogwira ntchito pa mafuta) ya yisiti ya Candida antarctica yomamatizidwa pa timikanda ta pulasitiki ta acrylic resin, imachita bwino kwambiri m'mafuta ndi m'ma solvent opanda madzi ambiri, momwe enzyme siisungunuka. Opanga biodiesel, iyi ndiyo yanu, kungoti methanol muzithira pang'onopang'ono chifukwa wambiri amaifooketsa.

Ngati ntchito yanu ndi ya m'madzi ndipo mukufuna kubwereza kambirimbiri, ine ndimavotera glutaraldehyde, mankhwala omangira mapuloteni pamodzi. Amagwira ma amino a lysine, imodzi mwa ma amino acid amene amapanga puloteni, pathupi pa enzyme n'kumanga mfundo yosamasuka. Glucose isomerase imene mafakitale a ku America amasandutsira glucose wa chimanga kukhala fructose imamangidwa chonchi, ndipo imatha miyezi ikugwira ntchito pa 60°C. Koma kuipa kwake kulipo. Mphamvu ina imatayika pomanga, makamaka mukathira wambiri. Fungo lake limayabwa m'maso ndi pakhosi, ndiye botolo muzitsegulira mu fume hood, kabati yokoka mpweya woipa. Tris buffer musaiyandikitse, nayo ili ndi amino, imadya glutaraldehyde yenseyo enzyme isanamangidwe.

Kwa amene thumba laperewera, palinso CLEA, zibuluma za enzyme zomangidwa pamodzi, njira imene gulu la Roger Sheldon ku Delft, ku Netherlands, linatchukitsa cha m'ma 2000. Resin simugula. Mumathira ammonium sulfate kuti enzyme iundane, kenako glutaraldehyde n'kumanga zibuluma zomwezo, ndipo ngakhale enzyme yosayeretsedwa bwino imalola. Chondinyansa n'chakuti zibulumazo n'zofewa, zimatseka sefa, ndipo mukazizunguza kwambiri mu centrifuge, makina ozunguza mwaliwiro, zimagwirana n'kukhala chigumu choti substrate, chinthu chimene enzyme ikuyenera kusintha, siilowa mkati.

Wophunzira wina anandionetsa zotsatira zokongola za timikanda take ta amylase, enzyme yogaya sitachi, zoti sitachi yense watha. Ndinamuuza kuti achotse timikandato, ayeze madzi otsalawo paokha. Madziwo anapitiriza kugaya sitachi, timikanda tili pambali mu beaker.