Ulendo wa Loweruka wochokera ku Lilongwe kukaona matanthwe a Mphunzi

Pali kampani ina yaing'ono muno mu Lilongwe imene imanyamula anthu ku Old Town m'mamawa wa Loweruka kupita nawo ku Mphunzi, m'boma la Dedza, ndipo ndalama imene imalipiritsa ndikuiona kuti ndi yoyenera makamaka chifukwa cha bambo amene amatsogolera ulendowo. Galimoto ndi minibasi wamba, chakudya cha masana n'chosadandaulitsa, ndipo msewu wafumbi mukangopatuka pa M1 ndi wogwedeza ndithu.

Mphunzi ali m'dera la Chongoni, limene bungwe la UNESCO linalizindikira mu 2006 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi chifukwa cha malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, zofiira zimene akuti anajambula Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi Nyau. Koma bambowo sathamangira zojambulazo. Amayamba aimika gulu pansi pa thanthwe n'kuonetsa mmene mwala wa granite umasendekera pang'onopang'ono ngati anyezi, kenaka amaloza mwaye wa moto umene abusa ndi osaka mbewa amasonkha m'mapanga, n'kufotokoza kuti kutenthako kumafulumizitsa kusendekako, moti kachidutswa kakathothoka kamapita ndi chojambula chomwe. Pafupi pomwepo pali maina olembedwa ndi makala, ena ndi penti. Pobwerera, titadutsa mulu wa miyala yoswaswa m'mbali mwa msewu, anatifunsa ngati ife omanga nyumba mumzinda timafunsako phiri limene kwale yathu yachokera, ndipo funso limeneli silinasangalatse aliyense m'minibasimo.

Chimene sichinandikhutiritse ndi kuchuluka kwa anthu. Kampaniyo imadzaza galimoto, pamene wotsogolera ndi mmodzi yekha, choncho iye akamalankhula ndi amene ali kutsogolo, akumbuyo amakhala akusisita mwala ndi manja. Mlendo wina anatsegula botolo kuti awaze madzi pa chojambula kuti chioneke bwino pa foni, ndipo chinamuletsa ndi mawu akuti, "Pepani achimwene, madziwo amasukulutsa utoto." Kampani imene imadyera pa matanthwe amenewa iyenera kuchepetsa gulu kapena kuwonjezera wotsogolera wachiwiri, ngakhale mtengo utakwerako pang'ono.

Amene mukufuna kupitako, funsani kaye kuti mudzakhala angati, muvale nsapato zosaterera, ndipo musankhe nyengo yopanda mvula chifukwa thanthwe likanyowa limaterera kwambiri.