Kugona m'tenti ndi ana aang'ono: pakhomo kapena ku Senga Bay?

Ana akakakamira zogona m'tenti, banja la mu Lilongwe likhoza kukhoma tentiyo pabwalo mkati mwa mpanda, kapena kutsetsereka ndi msewu wa M14 mpaka ku Senga Bay, ulendo wa maola pafupifupi awiri.

Ndalama: pakhomo n'kungobwereka tenti basi. Kunyanja pali mafuta a galimoto komanso kulipira malo.

Chimbudzi: apa ndiye pagona nkhani. Mwana akati "Amayi, mkodzo" pakati pa usiku, pakhomo mungomunyamula n'kulowa naye m'nyumba. Kunyanja muyenda ndi tochi pamchenga, iye akulira ndi tulo.

Nyengo: mu Juni ndi Julayi Lilongwe imazizira kwambiri, mabulangete awiri sakwana. Kunyanja n'kofundirako, koma mwera umagwedeza tenti usiku wonse.

Udzudzu uli konsekonse, ngakhale wa ku Salima umanyanya, choncho neti isatsale. Ana asasambenso pomwe pali bango, nkhono za likodzo zimakonda pamenepo.

Amene ali ndi ana osakwana zaka zisanu ayambire pakhomo, chimanga chili pambaula. Ku Senga Bay n'kwa ana osinkhukirako, omwe amamva mukawaletsa kulowa okha m'madzi.