Halsbury's, mabuku a akatswiri, magazini kapena malipoti: muyambire pati pofufuza zamalamulo?

Khoti limakakamizidwa kutsatira lamulo lenilenilo ndi zigamulo za makhoti akuluakulu, zomwe zambiri zimapezeka ulere pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti la malamulo ndi zigamulo za ku Malawi. Zolemba za akatswiri ntchito yake ndi kukulozerani njira yofikira kumeneko, ndipo sizilozera mofanana.

Halsbury's Laws of England, mndandanda wa mabuku ofotokoza malamulo a ku England, imathandiza pamene nkhaniyo simukuidziwa n'komwe. Mitu yake inasanjidwa motsatira afabeti, ndime zake n'zazifupi, ndipo m'munsi mwa tsamba muli mayina a milandu. Pa intaneti ili pa LexisNexis, yolipira. Koma imafotokoza malamulo a ku England a lero. Ife a ku Malawi tinatengera malamulo akumeneko monga analili pa 11 Ogasiti 1902, kenako Nyumba ya Malamulo yathu n'kumapanga ake. Choncho ndime yotsamira pa lamulo la ku England la 2015 loteteza ogula ilibe mphamvu kuno.

Apa m'pamene buku lakale limaposa latsopano. Lamulo lathu la kugulitsana katundu linachokera ku la ku England la 1893, lomwe eni akewo analisintha mu 1979. Buku lofumbira la m'laibulale, losindikizidwa 1979 isanafike, nthawi zambiri ndi limene mawu ake amagwirizana ndi athu ndime ndi ndime. Pa mabuku olembedwa kuno zinthu zimatembenuka: lakale ndi limene limapweteketsa. Buku lonena za makampani lotuluka lamulo la 2013 lisanabwere likufotokoza la 1984. Lonena za ukwati lolembedwa 2017 isanafike likuuzani kuti mwana wa zaka 15 angakwatiwe makolo akavomera, zomwe zinachotsedwa m'malamulo oyendetsera dziko chaka chimenecho. Tsegulani kaye tsamba lachiwiri muone chaka ndi dziko musanakopere kanthu.

Magazini a akatswiri, monga Malawi Law Journal, Journal of African Law yomwe inayamba mu 1957, ndi African Human Rights Law Journal ya ku Pretoria yowerengedwa ulere, amazama pa funso limodzi lopapatiza. Ambiri amapezeka pa nkhokwe za pa intaneti za HeinOnline kapena JSTOR kudzera ku laibulale ya yunivesite. Wolemba amakhala ali ndi mbali yake, ndiye siyanitsani pomwe akunena zomwe jaji anagamula ndi pomwe akunena zomwe iye akanakonda.

Malipoti a Law Commission, bungwe lounikanso malamulo a dziko, anthu ambiri sawalabadira, chonsecho ndi amene amafotokoza bwino chifukwa chomwe lamulo linasinthidwira. Lipoti la zaukwati ndi kusudzulana linatuluka mu 2006, lamulo lake n'kudzabwera mu 2015. Pakati pa lipoti ndi lamulo aphungu amatha kusintha mawu, ndiye ikani ziwirizo pambali ndi pambali, muwerenge gawo limene mukufuna kutchula m'khoti.